Ndowa Ziwiri za Penti

Ine Tiyamike ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri chaka chimene abambo anga anamanga nyumba ziwiri za malata kwathu ku Chulu. Ndikuti ziwiri chifukwa abambo anali amitala, ndipo wamitala samanga nyumba imodzi ngati akufuna kukalamba ndi makutu ake onse. Amayi anga, Nabanda, ndiwo anali aakulu. Aang'ono anali Nambewe, amayi ake a Kelesi, mtsikana amene tinkasiyana chaka chimodzi chokha. Kelesi ndinkamuchitira nsanje pa chilichonse: tsitsi lake, kaseka kake, ngakhale chipsera cha pabondo pake chimene abambo anachimanga okha ndi kansalu tsiku limene anagwa pa njinga.

Zinali zaka za makuponi. Feteleza wotsika mtengo anachititsa kuti chimanga chikwane m'nkhokwe, moti ndalama za fodya, zimene kale zinkathera m'mimba, chaka chimenecho zinapita ku malata ndi simenti. Njerwa tinaumba tokha kudambo, akazi awiriwo akutunga madzi, ife ana tikunyamula zikombole. Nyumbazo zinaima moyang'anizana, pakati pake pali mtengo wa mango ndi njira yopita ku chigafa, kumene tinkayanika fodya. Zinali zofanana zipinda, zofanana mawindo, ngakhale masitepe a pakhonde. Mlendo akanatha kulowa kwa Nambewe akuganiza kuti walowa kwathu.

Kufananitsa zinthu inali ntchito imene abambo ankaigwira ndi mtima wonse. Kumpingo anali atawadula kale chifukwa cha mitalayo, ndiye chilungamo chawo chonse chinathera pa kugawa. Matumba a kuponi akafika, wokulitsa ndi wobereketsa, ankawatsegula pansi pa mango aja, n'kumapima ndi mbale imodzi, uku akusalaza pamwamba ndi kamtengo: mbale kwa Nabanda, mbale kwa Nambewe. Sopo wamtanda ankamudula ndi ulusi. Zitenje ankagula za maluwa ofanana, moti akazi awowo akamapita kumaliro ankaoneka ngati a kwaya imodzi. Kogona nakonso kunali kwa mlungu uno kuno, mlungu wamawa uko, ndipo sindikumbukira kuti anaphonyapo.

Penti ndiye anawagwetsa. Anapita kuboma kukagula ndowa ziwiri za mtundu umodzi, koma m'sitolomo anapeza yatsala imodzi yokha. Wogulitsa anawatulutsira ina n'kuwatsimikizira kuti zonse ndi kirimu, palibe angaone kusiyana. Wogulitsayo sankawadziwa amayi anga.

Ndowazo zinatsegulidwa pansi pa mango, tonse titazungulira. Ine ndinasuzumira n'kuona zoyera kuno, zoyera uko. Amayi anawerama, n'kuyang'ana imodzi, n'kuyang'ana inayo, kenako anadzuka pang'onopang'ono akumanga chitenje.

"Abambo a Tiyamike, penti uyu ndi mitundu iwiri."

"Ndi kirimu yenseyo, Nabanda. Mwini sitolo watero."

"Mwini sitoloyo ndiye adzagonemo? Uyu ndi ufa woyera. Uyu ndi mgaiwa."

Atangotero, maso anga anatseguka. Ndowa ya kumanja inalidi yowala ngati ufa wa mphale woyanikidwa bwino, ya kumanzere yotuwira pang'ono, yopita kuchikasu. Kusiyana kwake kunali kochepa kwambiri, koti ukaphethira kasowa, koma dzina likangoperekedwa sungathenso kusakuona. Nambewe anangonyamula mwana wake wakhanda n'kumuika kumsana.

Abambo anaumirira kuti iwo sakuona kusiyana kulikonse, ndipo pamenepo m'pamene analakwitsa. Abambo anga anali katswiri wosankha fodya. Nyengo yosankha ikafika ankakhala pakhomo pa chigafa, tsamba lili m'manja, n'kulitembenuzira kudzuwa kamodzi kokha: ili lapita kofiira, ili n'lotuwa, ili lili ndi kubiriwira kobisala m'mitsempha, lisasakanikirane ndi anzake lingagwetse belo yonse ku okushoni. Anthu ankabwera kuchokera kumidzi ina kudzawapempha maso. Ndiye amayi anawayang'ana n'kufunsa motsitsa mawu:

"Inu amene mumasiyanitsa masamba ouma, ife tikuona zinyalala zokhazokha, lero maso afa?"

Kwa amayi nkhani inali itaoneka poyera. Ngati munthu wa maso otere akuti sakuona, ndiye kuti akuona bwino lomwe, ndipo akudziwa ndowa yabwino, ndipo mumtima mwake waipereka kale kwa wina.

Mwambo wa pakhomo pathu unali woti pa chilichonse chosafanana, mkazi wamkulu ndiye ayambe kusankha. Nyumba yatsopanonso wamng'ono sakanalowa wamkulu asanalowe yake. Abambo anaganiza kuti mwambowo uwapulumutsa. Anatenga bulashi, n'kupaka zigamba ziwiri pakhoma la pabalaza pa nyumba ya amayi, china cha woyera, china cha mgaiwa, moyandikana. "Sankha, Nabanda," anatero. "Wotsalayo apita uko." Atatero anakwera njinga yawo n'kupita kunazale ya fodya.

Amayi sanasankhe tsiku limenelo, kapena mlungu umenewo. M'mawa uliwonse tisanapite kumunda ankalowa m'nyumba yopanda kanthuyo, ine ndili pambuyo, n'kuima patsogolo pa zigambazo manja ali m'chiuno. M'nyumbamo munkanunkha simenti yaiwisi ndi matabwa. Dzuwa la m'mawa likalowa pawindo, woyera ankawala mpaka kuthobwa m'maso, mgaiwa n'kuoneka ngati khoma losatsuka. Tikabwerako madzulo zinali zitatembenuka: woyera wazizira, wapita kotuwa ngati phulusa, pamene mgaiwa wafunda, akuoneka ngati m'nyumba ya anthu olemera. Amayi ankapuma mozama n'kutuluka.

Panatenga nthawi kuti ndizindikire kuti amayi sankafufuza penti wokongola. Ankafufuza penti amene abambo ankafuna kuti apite kwa Nambewe, kuti iwo atenge ameneyo. Abambo akanena mongodutsa kuti woyerayo akuoneka bwino, amayi ankati, "Wamva? Akundikankhira woyera kuti mgaiwa atsalire mkazi wawo." Tsiku lina abambo atatopa anati mgaiwa ali ndi ubwino wake, sachedwa kubisa litsiro. Amayi anati, "Wamva? Akuti ine ndine wauve." Abambo akakhala chete, chetecho ndiye chinali umboni waukulu kuposa wonse.

Ine ndinali kumbali ya amayi ndi mtima wanga wonse. Penti sindinkamudziwa, koma ndinkadziwa kuti sindikufuna kuti Kelesi adzagone m'chipinda chowala kuposa changa. Kusukulu tinkakhala kalasi imodzi, ndipo ndinkati ndikamuyang'ana akulemba, ndinkamuona ali kale m'nyumba yokongola, abambo akumuseka, ine ndili m'nyumba ya mtundu wolakwika. Nsanje imeneyo inkandiwawa pansi pa nthiti ngati ndathamanga nditangodya kumene.

Kunja kunali kukusintha. Kutentha kwa Okutobala kunafika pachimake, mitambo inayamba kuunjikana chakumadzulo, ndipo nyumba zathu zakale za udzu sitinazifolere chaka chimenecho poti tinkadziwa kuti tisamuka. Mabanja onse awiri tinali kudikira chala cha amayi. Tsiku lina m'mawa anandipatsa ndowa ya madzi n'kundinong'oneza kuti ndipite kumjigo limodzi ndi Kelesi, ndikamve zimene amake akunena.

Kelesi sanavute n'komwe. Ndisanamalize kuzungulira, iye anayankha akupopa madzi.

"Amayi akuti woyerayo ndi wokongola. Koma akuti aliyense ali bwino, bola tilowe mvula isanagwe. Denga lathu likuonetsa nyenyezi, mwana angadwale."

Ndinakafotokoza zonse monga ndinamvera, za denga ndi za mwana zomwe. Amayi anamva mawu oyamba okha. Madzulo ake anaitana abambo, n'kuloza chigamba cha kumanja. "Woyerayo," anatero. Abambo sanafunse chifukwa. M'masiku ochepa nyumba zonse zinali zitapakidwa, ndipo tinalowa mvula yoyamba ikununkha kale m'mphepo, ife m'mawa, a kwa Nambewe masana.

Pabalaza pathu panali pokongola, zimenezo sindingakane. Amayi anapachika kalendala ndi kansalu koluka, n'kuika mipando motalikira khoma kuti isalikhudze. Azimayi a Mvano akabwera ankaima pakhomo n'kugwira pakamwa, amvekere, "Nabanda, kuno ndiye kutauni." Amayi ankaseka chamumtima, maso akuponya kutsidya kwa mango. Ndinakamukoka Kelesi kuti adzaone, ndikuyembekeza kuti nkhope yake igwa. Iye anayang'ana uku ndi uku n'kunena kuti, "Ee, n'kokongoladi," ndi mtima woyera, kenako anandifunsa ngati ndamaliza masamu. Palibe chimene chimapweteka wansanje kuposa mnzake wosabwezera nsanje.

Kukongolako kunabwera ndi malamulo ake. Osatsamira khoma. Osagwira khoma. Osadyera mango m'nyumba. Njinga ya abambo, imene m'nyumba yakale inkagona pabalaza, tsopano inayenera kutsala pakhonde chifukwa chiwongolero chingakande penti. Ndinaphunzira kuyenda m'nyumba mwathu manja ali kumbuyo ngati ndili mu ofesi ya ahedi. Tsiku lina ndinasuzumira kwa Nambewe n'kuona Kelesi atakhala pansi, msana uli pakhoma la mgaiwa, akusuwa mango, madzi ake akuyenderera mpaka m'chigongono. Ndinabwerera kwathu ndikudzilimbitsa mtima kuti khoma lawo n'lonyansa, koma msana wanga unkalakalaka khoma.

Ndiye inafika nyengo yothyola fodya. Amene anathyolapo fodya akudziwa utomoni wake: wakuda, womata, umakuta zala ndi zikhatho, ndipo sopo yekha sauchotsa pokhapokha utapukusa ndi mchenga. Abambo anali ndi chizolowezi chimodzi cha moyo wawo wonse. Akafika pakhomo ankagwira khoma ndi dzanja lamanzere, n'kumavula majombo ndi lamanja. Unali mlungu wathu, ndipo anafika masana atatopa, mvula itawanyowetsa. Dzanja linapita pakhoma lokha.

"Manja, abambo a Tiyamike."

Amayi sanakalipe. Anangonena. Abambo anachotsa dzanja msangamsanga ngati agwira mbaula, n'kutsala akuyang'ana chikhatho chawo chakuda chitadindika pa woyera, zala zonse zikuoneka. Asanavule jombo yachiwiri amayi anali atagwada kale ndi kansanza ndi sopo, akupukuta. Abambo anaima ndi mwendo umodzi, akudzandira, osadziwa pogwira. Mawa lake anapeza beseni la madzi ndi mchenga likuwadikira pansi pa masitepe.

Anasamba m'manja, sanadandaule. Anadya, n'kukhala pang'ono pampando umene unali pakati pa chipinda, wopanda potsamiritsa mutu. Kenako anati akukaona fodya kuchigafa. Ndinawaona pawindo akudutsa pansi pa mango, koma kuchigafa sanafike. Anakhotera kwa Nambewe.

Kogona abambo anapitiriza kugawa mwachilungamo, mlungu kuno, mlungu uko. Koma masana analibe mwini. Palibe mwambo umene unanenapo kumene mwamuna azikhala akaweruka kumunda, kumene azimvera wailesi, kumene aziwodzera dzuwa likatentha. Wailesi inapita tsidya lija tsiku lina kukamvera mpira, osabwereranso. Njinga inapeza malo pabalaza pa Nambewe. Ine ndinkakhala pakhonde pathu ndikusoka fodya, n'kumamva kuseka kwa abambo kukutuluka pawindo la nyumba ya mgaiwa. Ndinkaona Kelesi akulowa ndi kapu ya madzi, akutuluka ndi kope lake abambo atamuonera masamu. Ndinkamuda Kelesi masiku amenewo, ndipo iye sankadziwa n'komwe. Ankandibayibitsa ali pakhonde pawo.

Tsiku lina amayi anandituma kukaitana abambo kuti chakudya chapsa. Ndinaodira, n'kulowa, n'kugwada pafupi ndi chitseko. Abambo anali m'tulo pampando, mutu uli pakhoma, pakamwa pali pululu. Podikira kuti adzuke ndinayang'ana khoma lija ndinkalinyoza. Pambali pa chitseko panali zikhatho zakuda, china pamwamba pa chinzake, zambiri moti zinasanduka banga limodzi. Chapansi panali mzere umene chiwongolero cha njinga chinakanda. Pamwamba pa mpando panali chizungulire cha mafuta a kumutu kwa abambo. Ndipo pakona panali timizere tiwiri ta makala, wina pamwamba pang'ono pa unzake.

"Timizere timeneto ndi ine," anatero Kelesi monong'ona, ataona kumene ndikuyang'ana. "Abambo amandiyeza kutalika. Akuti ndikukula ngati chimanga chothira kawiri."

Ndinachotsa maso pakonapo. Abambo atadzuka ndinawauza kuti chakudya chapsa.

Popita kwathu ndinawagwira abambo malaya, chinthu chimene sindinkachita kawirikawiri, n'kuwauza kuti nanenso ndikufuna andiyeze. Anaseka, n'kutola khala pamoto wa panja. Titalowa anandiimika pafupi ndi khoma, osalikhudza, khala lili m'mwamba. Kenako anatembenuka n'kuyang'ana amayi. Amayi anayang'ana khalalo, n'kuyang'ana khoma. Ndikukhulupirira mpaka lero kuti anatsala pang'ono kuvomera, chifukwa milomo yawo inagwedezeka kaye isanatulutse mawu.

"Kodi mitengo yatha panjapo?"

Abambo anandiyezera pa nsanamira ya chigafa. Anajambula mzere wanga bwinobwino, n'kundisisita kumutu. Chaka chotsatira chiswe chinadya nsanamirayo, ndipo anaizula n'kuikapo ina.

Madzulo a tsiku londiyezalo ndinawafunsa amayi, tikusenda maungu kukhitchini, kuti bwanji sitinangotenga mgaiwa. Anapitiriza kusenda kwa kanthawi. "Khoma lathu anthu amachokera kutali kudzaliona," anatero. "La uko ndani amalitchula?" Mawuwo anali olimba koma mpeni unali utaima. Maso awo anali pambali pa chitseko cha nyumba yathu, pamalo pamene anapukuta chikhatho chija. Pamalopo penti anali atapyapyala, ndipo dzuwa likapendeka pankaoneka kachigamba kowala kuposa khoma lonse.

Sindikunena kuti penti ndiye anawachotsa abambo kwathu. Ndakula tsopano, ndipo ndikudziwa kuti mwamuna amene mtima wake uli pamalo amodzi sakatenga mkazi wachiwiri. Mtima wa abambo unali utapendekera kale tsidya lija njerwa zisanaumbidwe, ndipo amayi ankadziwa. Mbale zosalazidwa ndi kamtengo ndi sopo wodula ndi ulusi zinkawatseka pakamwa: angadandaule chiyani munthu wolandira zofanana ndi mnzake? Ndowa ziwiri zija zinali chinthu choyamba chosafanana chimene akanatha kuchiloza ndi chala. Anapambana, n'kutenga yowala, n'kuiteteza ngati mwana, poti chinali chinthu chokhacho pakhomopo chimene chinkanena poyera kuti iwo ndi aakulu. Sindiwaimba mlandu. Ndikungodziwa kuti ine ndi amayi tinachitira nsanje chinthu cholakwika. Tinalimbirana mtundu wa khoma, pamene chimene tinkachifuna chinali dzanja lodetsa khomalo.

Abambo anamwalira ine nditakwatiwa kale. Nyumba ziwiri zija zikadalipo. Kwa Nambewe anapakanso penti wina, koma pakona paja anapasiya dala, ndipo timizere ta Kelesi tikuonekabe, tikukwera mpaka chaka chimene anapita kusekondale. Ine ndi Kelesi lero ndife apamtima, ngakhale ndikapita kumeneko ndimakhala chofulatira konayo. Kwa amayi sikunafunike kupakanso. Woyera uja anakhalitsa monga anagulidwira.

Ine ndi amuna anga titamanga kanyumba kathu kuno kuboma, ndinapita ndekha kukagula penti. Mnyamata wa m'sitolo ananditsegulira ndowa ziwiri, n'kuyamba kundifotokozera kuti zonse ndi kirimu koma ina n'njowala pang'ono. Ndinaseka mpaka iye anadabwa. Ndinaloza yotuwirayo osaganiza kawiri, ndipo ndinadziuza kuti ngakhale ikanakhala yowalayo, beseni la mchenga pakhomo panga silidzakhalapo. Amuna anga amakonza njinga zamoto, ndiye mungaganize nokha mmene manja awo amakhalira.

Chaka chatha amayi anabwera kudzakhala nafe pang'ono, miyendo ikuwavuta. M'mawa wina ndinawapeza ataima pafupi ndi chitseko cha pabalaza, kansanza konyowa kali m'manja. Pakhomapo panali zala za girisi za amuna anga, chapansi pake tizala ta ana ta mango ndi matope, ndi mizere ya pensulo ya kutalika kwa aliyense. Ndinaima ndikudikira kuti ayambe kupukuta. Iwo anayang'ana kwa nthawi yaitali. Kenako anakweza dzanja lawo lopanda kansanza n'kuliika pa chikhatho chachikulu chakudacho, ngati akuyeza.

"Akamwini amakhala pakhomo, eti?"

"Amakhala, amayi. Akaweruka amabwera kuno."

Anagwedeza mutu. Anapinda kansanza kaja kawiri, n'kundipatsa m'manja.

"Usadzapukute, mwana wanga," anatero, n'kupita kukakhala pansi, msana uli pakhoma.